Usanatsegule Foda ya Amayi Ako

Mwanza, Lamulungu masana

Tamanda mwana wanga,

Ndikulemba kalata ino iwe uli ku Nthache kotsanzikana ndi azakhali ako. Chikwama chako chili pakhomo la kuchipinda, chomangamanga kale, ndipo laputopu ija ili patebulo pano, ndayipukuta. Ndikamaliza ndiika kalatayi pakati pa kiyibodi ndi sikirini, kuti ukakangoitsegula ku koleji ukakumane nayo. Ndikudziwa useka kuti bambo ako, munthu wokhalira kudina makiyi tsiku lonse, akulembera ndi bolopeni. Seka. Koma ndikupempha chinthu chimodzi: usatsegule foda ija yolembedwa kuti "Amayi" usanamalize kuwerenga. Wadikira zaka zitatu kuti udzaonere kanema amene amayi ako anakujambulira ali m'chipatala, uja anati udzamuonere tsiku lofika ku koleji. Nkhani ya kanemayo ili m'kalata muno, ndipo si yabwino. Ndayesa kukuuza pamaso, pakamwa pandikanika.

Uleze mtima pang'ono, ndiyambe ndi laputopuyo, chifukwa pamene ndinagwera m'pomwepo, ndipo sindikufuna kuti nawe udzagwerepo.

Makinawa ndi okalamba, zimenezo sindingakubise. Ndinawagula kwa dalaivala wina wa ku Mozambiki iwe uli sitandade faifi, n'kuti atadutsa kale m'manja mwa anthu angapo. Anzako ku koleji akatulutsa zawo zopyapyala, zoyaka m'kuphethira kwa diso, iwe n'kutulutsa chimtolo ichi cholira ngati chigayo chikamayamba. Usakachite manyazi. Mapepala onse a kasitomu amene ndakhala ndikulembera madalaivala pa malire pano atuluka m'menemu, ndiye kuti mayunifolomu ako onse mpaka folomu folo atuluka m'menemu. Matenda ake aakulu ndi amodzi: memole yake, imene amati RAM, ndi yochepa.

A Sikelo, aja amakonza mafoni ndi makompyuta kuseri kwa msika pa boma, ndi amene ananditsegula maso. Anandifunsa kuti, "Achimwene, ku ofesi kwanu kuli tebulo ndi kabati?" Ndinati eya. Iwo anati, "Kabati ndiye hadi disiki, mosungiramo zinthu. Tebulo ndiye RAM, poyalapo zimene mukugwira nthawi yomweyo. Yanuyi kabati ndi yaikulu bwinobwino, koma tebulo ndi kakang'ono. Mukayala mafayilo khumi pa katebulo, muzingonyamula ili kuti muone ilo mpaka dzuwa kulowa. Ndiye kaya mukhuthule kabati yonse, tebulo silikula." Mawu amenewa uwasunge, Tamanda. Kukhuthula kabati sikukulitsa tebulo. Ine ndinawamva madzi atatayika kale.

Ndikuuze za dyera langa. Ndikafika pa ofesi m'mawa ndinkatsegula zonse nthawi imodzi: nyimbo za kwaya zikulira, masamba a intaneti khumi ndi angapo ali chitsegukire, ili la mpira, ili la nkhani, ili la maliro a anthu amene sindikuwadziwa n'komwe, kenako ndiye fomu ya kasitomu. Tsiku lina dalaivala wa thiraki ya feteleza anaima kumbuyo kwanga ola lathunthu, kabwalo kodikiritsa kaja kakungozungulira pa sikirini, mpaka anandifunsa ngati ndikulemba fomu kapena ndatereka nyemba. Ine n'kumakalipira makina, kumachita kuwamenya mbama m'mbali, pamene wolakwa ndinali ine. Tsono iwe, ukamalemba ntchito ya m'kalasi, tsegula polembera pokha. Ukafuna kufufuza pa intaneti, masamba awiri kapena atatu akwana, ukathana nalo tsamba ulitseke. Nyimbo uzimvera pa foni. Ukaona kuti yayamba kulemera, dina makiyi atatu awa pamodzi, Ctrl, Shift ndi Esc, pabwera mndandanda wa mapulogalamu onse amene akugwira ntchito, ndipo uona wekha amene akudya memole kwambiri. Ngati ukumudziwa ndipo sukumufuna, mutseke. Amene sukumudziwa musiye, ena ndi eni nyumba.

Pa mndandanda womwewo pali malo oonetsa mapulogalamu amene amadzuka okha ukangoyatsa. Ine ndinali nawo ambirimbiri, ena sindikudziwa kuti analowa liti, ndipo ndinkayatsa laputopu n'kupita kukagula mandasi, pobwera ndiye ikumaliza kudzuka. A Sikelo anazimitsa onse osafunika. Usakawadzutsenso. Mnzako akakuuza kuti, "Ika ichi, ika icho, aliyense ali nacho," uyambe wadzifunsa ngati katebulo kako kali ndi malo.

Chaka china ndinaona uthenga wofiira ukuthwanima pa sikirini, akuti kompyuta yanu ikudwala, dinani apa tiyeretse ulere, ithamanga kuposa yatsopano. Ndinadina, mtima uli mbee, ndikudziona wochenjera. Mawa lake paliponse panali zithunzi zotsatsa malonda, zina zoti sungaonere pamaso pa apongozi, zikutseguka zokha abwana ali pambali panga. Chikomekome cha mkuyu, mwana wanga. Choyeretsa chimene chinabwera chija ndicho chinadya memole yonse yotsala. Pulogalamu yoteteza ku mavayilasi ili m'menemo kale imodzi, ndipo imodziyo yakwana, ukaika ziwiri zizingolimbana zokhazokha iwe uli chidikirire. Fulashi ya mnzako usangoibaya n'kuyamba kutsegula, yamba waipima ndi pulogalamu imeneyo. Ndi mafulashi a madalaivala amene anandidzazira makanema a nkhonya ndi nyimbo za Chipwitikizi, ndipo uona posachedwa kumene makanema amenewo ananditengera.

China chimene amayi ako ankandinenera masiku onse ndi kupupuluma. Chinthu chikachedwa kutseguka ndinkadinanso, n'kudinanso, kasanu kapena kasanu n'kamodzi, osadziwa kuti kudina kulikonse ndikuituma ntchito ina pamwamba pa yoyamba ija. Kenako zonse zisanu zinkatseguka pamodzi, makina n'kuuma gwa. Iwo ankati, "Bambo a Tamanda, kodi mwana mukamutuma madzi mumamuitananso asanafike pa mjigo?" Dina kamodzi, udikire. Ndipo usamaiike pa matiresi kapena pa bulangete, imapumira pansi, ikatsekeka imatentha n'kuyamba kuchedwa. Ika pa thabwa kapena pa buku lolimba. Fumbi la kuno kwa Mwanza ndalichotsa, la kumeneko uzilipukuta wekha. Pakapita masiku awiri atatu uziizimitsiratu n'kuyatsanso, osangotseka chivundikiro, kuti tebulo lija liyalulidwe.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikuzungulira.

Unali mwezi wa manachesi, chaka chatha, patapita chaka ndi miyezi amayi ako atatisiya. Iwe unali ku sukulu. Tsiku limenelo mathiraki anali ndandanda mpaka kupitirira pokhota paja, abwana ali pa foni mphindi iliyonse, laputopu ikukana ngakhale kutsegula fomu. Dalaivala wina amene ndimadziwana naye anasuzumira nati, "Amigo, yadzadza imeneyo, chotsa makanema ipepuka." Zinandimvekera zanzeru. Ndinafufuza makanema onse a m'kompyutamo, ndinawandandalika kuyambira aakulu, n'kusankha onse opanda maina, aja amangokhala ndi manambala. Ndinati awa ndi a nkhonya a madalaivala aja. Sindinatsegule ngakhale mmodzi kuti ndione. Ndinafufuta, ndinapita mu bini mmene zofufutidwa zimayamba zadikirira, namonso ndinakhuthula. Ndikukumbuka kuti ndinachita kupukuta m'manja ngati munthu wamaliza kulima.

Kanema wa amayi ako analibe dzina, Tamanda. Tsiku limene ndinamuchotsa mu foni yanga yakale n'kumuika mu foda ija, ndinalibe mphamvu yomulembera dzina, ndinamusiya ndi manambala ake. Anapita limodzi ndi a nkhonya aja, iye ndi makanema ena onse a pakhomo pano. Foni yakale ija ukudziwa kuti inagwera m'madzi kalekale. Ndipo chondiwawa mpaka lero n'chakuti laputopu sinapepuke ngakhale pang'ono. Mathiraki aja anachoka madzulo, monga akanachokera ndikanapanda kufufuta kanthu.

Ndinazindikira patapita miyezi inayi. Linali tsiku limene amayi ako anabadwa, ndinaweruka msanga, ndinati ndingomva mawu awo pang'ono. Nditatsegula foda ndinapeza zithunzi zitatu za chiphaso basi. Ndinatseka, ndinatsegulanso, ndinafufuza paliponse, thukuta lili kamukamu. M'mawa mwake ndinathamangira kwa a Sikelo. Analimbana nayo masiku awiri, kenako anandikhazika pa benchi nati, "Achimwene, mukanabwera tsiku lomwelo tikanamupeza. Chinthu chikafufutidwa chimakhala chikadali pomwepo mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Inu mwalembapo mafomu miyezi inayi." Ndi tsiku lomwelo anandiuza za tebulo ndi kabati. Ndinalira pa benchi pawo, anthu akudutsa ndi madengu, ndipo sindinasamale.

Ndiye tamva. Fayilo iliyonse uziipatsa dzina tsiku lomwelo. Usafufute chinthu chimene sunachitsegule n'kuchiona ndi maso ako. Ukafufuta molakwitsa, zimitsa nthawi yomweyo, usalembenso kanthu, pita nayo kwa wodziwa. Chinthu chimene sungapirire kuchitaya chizikhala malo awiri kapena atatu. Ndipo kumeneko ukapeza anyamata okonza makompyuta amene mankhwala awo ndi amodzi pa nthenda iliyonse, akangoti "tiifomate." Kufomata n'kusesa zonse. Usalole usanakopere zako kwina.

Utha kuganiza kuti pamenepo ndinaphunzira kufunsa, koma ayi. Nditamva kuti vuto ndi tebulo, ndinawoloka malire kupita pa Zobue ku Mozambiki ndekha, osauza munthu, ndinakagula kachitsulo ka RAM kwa munthu woyala katundu pansi. Nditafika ndinatsegula kachitseko kapansi, ndinayesa kukalowetsa, kakukana. Ndinakankha ndi chala, ndinakankha ndi kumbuyo kwa supuni, mwamwayi chinathyoka ndi kachitsuloko osati polowetsa pake. A Sikelo ataona anangogwira pakamwa. Akuti RAM ili mitundumitundu, kamphako kake kamakhala malo osiyana, ndipo umayamba waona mtundu umene makina ako amalandira ndi malire amene angathe kunyamula. Safunsa anadya phula. Iwo ndi amene anadzandipezera yoyenera ku Blantyre, ndipo tsopano laputopuyi ili ndi memole ya ma GB anayi m'malo mwa awiri. Pamenepo ndiye pothera pake, singalandire yoposa apo, wina asakakunamize kuti akuwonjezera. Ikuyenda bwinoko ndithu, uiona. Zikanatheka kuti ndiyambire pamenepa, bwenzi kalata ino ili yaifupi.

Koma cholakwa chachikulu si kufufuta kuja, mwana wanga. Kufufuta kunali kupusa. Chachikulu ndi chimene ndinachita pa Khirisimasi, utabwera ku holide. Tinali pa khonde, iwe ukusenda mbatata, unandifunsa osandiyang'ana kuti, "Ababa, foda ya amayi ili bwinobwino?" Ine ndinati, "Ili bwino." Unamwetulira, unati ulimbikira kuti ukafike ku koleji ukamve zimene anakusungira. Ndinadziuza kuti ndikukuteteza chifukwa mayeso ali pafupi. Mayeso anatha, zotsatira zinatuluka, dzina lako linatuluka, ine ndili duu. Sanali mayeso, anali mantha. Ndinkaopa nkhope yako. Ndinakunamiza, ndipo ndikupepesa. Iwe ukadzalakwa kumene ukupitako, kaya m'kalasi, kaya ndi anzako, kaya ndi zina zimene atsikana amaopa kuuza abambo awo, udzanene msanga. Kulakwa kobisa kumanka kukulirakulira, ine kwandidya miyezi yonseyi.

Kanema uja ndine ndinagwira foni pojambula, ndiye zimene ananena ndinazimva. Ndikulembera mmene ndikukumbukira, sindiwonjezerapo.

Anayamba andiuza kuti ndiwakonzere duku, akuti mwana asawaone ngati wodwala. Kenako anayang'ana foni nati, "Tamanda, ngati ukuonera izi ndiye kuti wafika. Ine ndinadziwa kale." Anaseka pang'ono, chifuwa n'kuwagwira, tinadikira. Anati usamakadye wekha kuchipinda, uzikadya pamene pali anthu, chifukwa iwe ukakhumudwa umabisala. Anati upeze mnzako mmodzi wotha kukuuza kuti walakwa, ena onse akhale oseka nawo. Anati ukakaphunzira usadzawanyoze amayi ogulitsa manachesi m'mbali mwa msewu, ndipo usamawanenerere mpaka kuwalanda, popeza ukudziwa mmene beseni limalemerera. Ndiye anandiloza ndi chibwano nati, "Chikakukanika uzifunsa, usatengere bambo akowa." Ndinaseka tsiku limenelo, sindinadziwe kuti akundilosera.

Pali pena pakati pamene sindinamve. Anatsitsa mawu, ine misozi inali itanditseka, ndinatembenukira pa windo foni ili chilozere kwa iwo. Mwina inali mphindi imodzi, mwina ziwiri. Ndinkati ndi zako, udzamva wekha, choncho sindinabwererenso kukamvera. Mawu amenewo ndiwo ndakutayira, ndipo palibe munthu padziko pano amene angakubwezere. Usiku ndi usana ndayesa kuwakumbuka, palibe chimene chikubwera. Sindikupekera, ngakhale ndikudziwa kuti ukanakhulupirira.

Omaliza ndinawamva bwinobwino. Anati, "Uziwaimbira foni bambo ako. Iwowa sayamba okha, angokhala chete n'kumaonda." Kenako anati ndizimitse, atopa.

Mwezi wathawu ndayenda. Ndinayambira kwa azakhali ako ku Nthache, ndinawaululira zonse. Sanandikalipire, anangoti, "Mukapanda kumuuza inu asanakwere minibasi, ndimuuza ine." Ndawapempha kuti lero angokusiya utsanzike mwamtendere, ndipo ndawalonjeza kalata ino. Ukuona kuti ngakhale pano ndazembabe, uiwerenga utatsika kale minibasi. Kuchoka apo ndinapita kwa amayi a kutchalitchi, kwa anzawo a pamsika, nyumba ndi nyumba, kupempha aliyense kuti ayang'ane mu foni mwake. Ndapeza zithunzi khumi ndi chimodzi. China ali pa kwaya, china akuseka atasenza beseni, china akuoneka theka lokha kumbuyo kwa mkwatibwi. Chilichonse ndachipatsa dzina.

Ndapezanso kanema mmodzi, wa theka la mphindi. A Nachisale oyandikana nafe anajambula pa chinkhoswe cha mwana wawo, iwe uli folomu wanu. Amayi ako sakuonekamo, akuoneka ndi miphika ndi miyendo ya anthu. Koma chakumapeto akumveka kumbuyo akuitana kuti, "Tamanda, bwera nalo beseni limenelo, ukuyenda ngati ukuwerenga nyerere bwanji?" Kenako akuseka, kuseka kwawo kuja kokoka mpweya. Si kanema amene anakulonjeza. Ndi yekhayo amene muli mawu awo, ndipo akutchula dzina lako. Ndamuika mu foda ija, ndamuikanso mu fulashi yakuda imene ili m'kathumba kam'kati ka chikwama chako, wina ali mu foni ya azakhali ako, wina ali kwa ine.

Mawa ndikuperekeza pa siteji, ndikunyamulira chikwama, ndipo mwina ndizingokamba za mtengo wa minibasi ndi za mvula. Undikhululukire, ndi mmene ndilili. Ukafika, ukawerenga, ngati wakwiya kwiya, uli ndi chifukwa. Ukafuna kundikalipira imba, ndimvetsera mpaka umalize. Ukafuna kukhala chete sabata kapena mwezi, ndidikira, foni izikhala m'thumba la malaya ngakhale pa ntchito. Amayi ako anati sindiyamba ndekha. Ulendo uno ndayamba, mochedwa momwemo.

Tsopano utha kutsegula foda ija. Yamba watseka zina zonse, uike laputopu pa thabwa, ukweze mawu chifukwa akumvekera patali. Kanemayo ndamulemba kuti "Amayi akuitana Tamanda." Amachedwa kutseguka, kabwalo kaja kazungulira kanthawi ndithu. Usadinenso. Dina kamodzi, udikire, akuitana.

Ndine bambo ako.